Matikiti awiri ndi maulendo awiri: mafunso a wokwera ndege kuchokera ku Mfuwe

Bwalo la ndege la Mfuwe, m'boma la Mambwe, ndi limodzi mwa mabwalo anayi akuluakulu omwe Zambia Airports Corporation imayendetsa. Ena atatuwo ali ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Livingstone. Ambiri otera pamenepa ndi alendo odzaona nyama ku South Luangwa, koma eni chigwa nawonso akukwera masiku ano: operekeza alendo m'nkhalango opita ku ziwonetsero za ntchito yawo ku Durban kapena ku London, ophunzira, anamwino, abusa, ndi operekeza odwala ku India. Ambiri amadzigulira okha matikiti pafoni, ndipo foni imaika pamwamba mtengo wotsika. Kutsika kwa mtengowo kawirikawiri kumabwera chifukwa ulendo waduladulidwa m'matikiti osiyana. Wogula matikiti awiri wagula maulendo awiri, ndipo pomwe maulendowo akumana palibe kampani yomwe yalonjeza kumusamala.

Kodi tikiti imodzi ndi matikiti awiri zimasiyana pati, pomwe ndege zake ndi zomwezo?

Zimasiyana pa lonjezo. Tikiti ndi pangano pakati pa inu ndi kampani ya ndege. Mukagula tikiti imodzi yochokera ku Mfuwe kudzera ku Lusaka ndi Addis Ababa mpaka ku Mumbai, kampani yavomera kukufikitsani ku Mumbai. Ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, udindo wokupezerani mpando m'ndege ina ndi wawo, osati wanu. Izi zimatheka ngakhale makampani ali osiyana, chifukwa ena ali ndi mgwirizano wolandirana anthu ndi katundu, ndipo Proflight Zambia, yomwe imauluka pakati pa Mfuwe ndi Lusaka, ili ndi mgwirizano wotere ndi makampani monga Emirates ndi Ethiopian Airlines. Koma mukagula tikiti ya Mfuwe mpaka Lusaka payokha, ina ya Lusaka mpaka Mumbai payokhanso, kampani yoyamba yatha nanu mukangotsika ku Lusaka, ndipo yachiwiri sikudziwa n'komwe kuti munali m'ndege ina. Mukafika mochedwa, m'mabuku mwawo mumangolembedwa kuti simunabwere. Makampani ambiri akalemba choncho amafafaniza mbali zonse zotsala za tikitiyo, kuphatikizapo ulendo wobwerera kumudzi.

Chosokoneza n'chakuti kulipira kamodzi sikutanthauza tikiti imodzi. Masamba ena a pa intaneti amalumikiza matikiti awiri kapena atatu n'kukulipiritsani pamodzi, kwinaku atalemba ndi tizilembo tating'ono mawu akuti self-transfer. Njira yodziwira ndi nambala ya tikiti. Ili ndi manambala 13, ndipo atatu oyambirira amasonyeza kampani yomwe yaitulutsa: 071 ndi Ethiopian Airlines, 176 ndi Emirates, 706 ndi Kenya Airways. Mukaona kuti chigawo chilichonse cha ulendo wopita chili ndi nambala yakeyake yoyamba mosiyana, dziwani kuti muli ndi maulendo angapo m'manja.

Alendo athu a ku Ulaya amachita zomwezi chaka ndi chaka osavutika. Ifeyo tiopenji?

Funso ili limamveka kwambiri m'makampu, ndipo alendowo sanama. Koma malangizo awo amayenda ndi pasipoti yawo. Munthu wa pasipoti ya Britain kapena Germany akatera ku Dubai amatha kudutsa pa a imigireshoni, kutenga sutikesi yake ndi kukailembetsanso ku kampani ina popanda kupempheratu viza. Mzambia pamalo omwewo amafunika viza yopempheratu asananyamuke. Njira yomwe kwa mlendoyo ndi ya ola limodzi, kwa womuperekeza m'nkhalango ndi khomo lotseka. Kotero musanatsatire nzeru ya munthu aliyense pa nkhaniyi, muyambe mwadziwa kuti amayendera pasipoti ya dziko liti.

Ndikungodutsa, sindikulowa m'dziko lawo. Viza ndi yachiyani?

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Bwalo lalikulu la ndege lili ndi mbali ziwiri. Ina ndi ya odutsa, komwe munthu amakhala ngati sanalowe m'dzikolo. Inayo ili kuseri kwa madesiki a imigireshoni, ndipo kumeneko ndi komwe kuli malamba otulutsira katundu ndi madesiki olembetsera ulendo. Wa tikiti imodzi katundu wake amamatidwa chizindikiro cha komwe akukathera, kotero iye amangokhala kumbali ya odutsa. Wa matikiti awiri katundu wake amatsitsidwa pomwe tikiti yoyamba yathera. Kuti akamutenge ayenera kudindidwa pasipoti, ndipo kudindidwa ndiko kulowa m'dziko, ngakhale atakhalamo mphindi makumi anayi zokha. Lamulo silifunsa cholinga chanu. Limaona mzere womwe mwadumpha.

Ndipo vutoli silidikira kuti mufike kumeneko. Limakukumanani ku Lusaka, pa desiki yolembetsera. Wogwira ntchito pamenepo amalowetsa pasipoti yanu ndi komwe tikiti yanu ikuthera mu Timatic, nkhokwe ya malamulo olowera m'mayiko yomwe bungwe la makampani a ndege la IATA limasunga. Tikiti ikathera ku Dubai, kompyuta imakuonani ngati munthu wopita ku Dubai. Mukamuonetsa tikiti yachiwiri ya kampani ina, akhoza kuimvera kapena kuikana, ndipo ali ndi chifukwa chokanira: mayiko amalipiritsa kampani yomwe yabweretsa munthu wopanda zikalata zoyenera, komanso kampaniyo imayenera kumubweza ndi ndalama zake. Ku Britain chindapusa chake ndi mapaundi 2,000 pa munthu aliyense. Wogwira ntchitoyo sakukuchitirani nkhanza kapena kufuna kangachepe. Akuteteza ntchito yake, ndipo kukangana naye sikusintha zomwe kompyuta yalemba.

Pali malo pomwe nkhawayi ndi yochepa. Mzambia safunika viza pocheza masiku ochepa ku South Africa, kotero kusinthira ndege ku O. R. Tambo ku Johannesburg pa matikiti awiri n'kotheka, bola nthawi ilipo ndipo pasipoti ili ndi masamba opanda chidindo. Koma malamulo amasintha mofulumira. Kenya inayamba kufuna chilolezo chopemphera pa intaneti mu Janyuwale 2024, ndipo mu 2025 inachotsanso lamulolo kwa nzika za mayiko ambiri a mu Africa. Zomwe m'bale wanu anaona zaka ziwiri zapitazo si umboni wa lero. Funsani ku ofesi ya kazembe kapena kwa kampani ya ndege mlungu womwe mukugula tikiti.

Nanga ndikangonyamula kachikwama kam'manja, osalembetsa katundu?

Zimathandiza, koma sizithetsa zonse. Ngati mulibe sutikesi yokatenga ndipo kampani yachiwiri yakupatsani boarding pass pafoni, m'mabwalo ambiri mungathe kukhala kumbali ya odutsa. Komabe makampani ambiri sapereka boarding pass pafoni kwa munthu yemwe viza yake iyenera kuonedwa ndi maso, ndipo apasipoti za kuno nthawi zambiri amagwera m'gulu limeneli. Mabwalo ena ali ndi desiki ya odutsa yomwe ingakuthandizeni, ena ayi, ndipo ena nyumba zake n'zotalikirana moti kuchoka ku ina kupita ku inzake ndiye kutuluka kunja. Chachikulu n'chakuti kachikwama sikasintha zomwe wa pa desiki ku Lusaka akuona: tikiti yothera m'dziko lomwe mulibe viza yake.

Kodi pali mayiko ofuna viza ngakhale munthu ali ndi tikiti imodzi?

Alipo, ndipo ndi bwino kuwadziwa pamtima. United States ilibe mbali ya odutsa nkomwe. Aliyense wotera kumeneko, ngakhale akupitirira ku Canada kapena ku Mexico, amadutsa pa a imigireshoni, ndipo Mzambia amafunika viza. Pa 20 Ogasiti 2025 dzikolo linayambanso kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa Azambia ndi Amalawi opempha viza yokacheza kapena ya malonda, ndipo poyambirira opereka chikolewo anauzidwa kulowera ndi kutulukira pa mabwalo atatu okha: Boston Logan, John F. Kennedy ku New York ndi Washington Dulles. Munthu wosankha njira poona mtengo wokha akanatha kuswa pangano la chikole chake asanadziwe.

Ku Ulaya msampha wake ndi wina. Mayiko 29 a m'chigawo cha Schengen alibe malire pakati pawo, kotero ndege yochoka ku Frankfurt kupita ku Paris ili ngati ya m'dziko limodzi. Wosinthira ndege kawiri m'chigawochi, monga kutera ku Frankfurt n'kukwera ya ku Paris kuti akakwere ina yopita kunja, walowa mu Schengen ndipo afunika viza. Wopita ku Rome kudzera ku Frankfurt amadindidwa ku Frankfurt, osati ku Rome, ndipo mzere wa pamenepo uyenera kuwerengedwa pa nthawi yake, makamaka chiyambire Okutobala 2025 pomwe anayamba kujambula nkhope ndi zidindo za zala za alendo. Ku Britain, apasipoti ya Malawi ndi ya Zimbabwe amafunika viza ya odutsa ngakhale sakutuluka m'bwalo, kupatula okhala ndi zikalata zina zomwe lamulo limalola. Izi n'zofunika m'mabanja a kuno kummawa, momwe si zachilendo bambo kukhala ndi pasipoti ya Zambia, mayi ya Malawi. Anthu awiri a nyumba imodzi, pa ndege imodzi, akhoza kukhala pansi pa malamulo awiri.

Katundu wanga ndikamuonetsa kwa a kasitomu pati?

Imigireshoni imayang'ana munthu, kasitomu imayang'ana katundu, ndipo mwambo wa mayiko ambiri ndi wakuti katundu amaonedwa pa bwalo loyamba lomwe mwalowera m'dziko. Wopita ku chiwonetsero cha Indaba ku Durban kudzera ku Johannesburg amatenga sutikesi yake ku Johannesburg, kudutsa nayo pa kasitomu, n'kuiperekanso kumbali ya ndege za m'dziko, ngakhale tikiti ili imodzi. Ku United States n'chimodzimodzi. Pobwerera kwathu, a imigireshoni ndi a Zambia Revenue Authority mumakumana nawo ku Lusaka musanakwere ndege ya ku Mfuwe. Kumbukiraninso kuti chitsegulire nyumba yatsopano ya bwalo la Kenneth Kaunda mu Ogasiti 2021, ndege za kunja zimanyamukira kumeneko pomwe za m'dziko zimagwiritsa ntchito nyumba yakale. Si patali, koma ndi ulendo wokoka masutikesi ndi kuimanso pa mizere. Musaiwalenso za kulemera kwa katundu: pa matikiti osiyana kampani iliyonse imawerenga yokha, ndipo masutikesi awiri omwe ndege yaikulu yalola kwaulere akhoza kukulipiritsani pa ndege yaing'ono ya kuchigwa.

Kapenta, uchi, nyama yofutsa ndi timphatso ta kuno: n'chiyani chololedwa?

Anthu amaganiza kuti chakudya chouma chilichonse chimadutsa, ena amaganiza kuti chilichonse chimalandidwa. Onse akulakwa. Mayiko a European Union ndi Britain salola nyama ndi zamkaka zochokera kuno m'katundu wa munthu, kaya yofutsa kaya yowamba. Nsomba zouma monga kapenta amalola mpaka makilogalamu 20, ndipo uchi mpaka makilogalamu 2. Zipatso zaziwisi monga mango sizilowa mu European Union popanda kalata ya a zaulimi. Nthochi ndi chinanazi zili m'gulu laling'ono lomwe silifuna kalatayo. Kwa wa matikiti awiri pali china chowonjezera: poti akutulutsa katundu pa bwalo lapakati, malamulo a dziko lapakatilo amamugwiranso, pomwe wa tikiti imodzi sutikesi yake imangodutsa pansi osakumana ndi a kasitomu a kumeneko.

Za nyama zakutchire ndiye zosayerekeza. Dzino la mvuu, mano a njiri, chibangili cha ubweya wa kumchira kwa njovu, chikopa kapena nyama ya m'tchire, zonsezi lamulo la Zambia la nyama zakutchire la 2015 limaziteteza, ndipo sizituluka m'dziko popanda chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife. Zina mwa izo zili pansi pa pangano la mayiko la CITES, kotero ngakhale zitadutsa pa Mfuwe zikhoza kukumangitsani kutsidya la nyanja. Kunena kuti munachita kutola m'mbali mwa Luangwa kapena kuti ndi cha agogo sikuthandiza pa desiki ya kasitomu. Nsalu zojambulidwa pamanja za ku Tribal Textiles ndi zosemasema za mtengo wamba zilibe mlandu wotero, ngakhale mayiko ena amafuna kuti zamtengo muzionetse, sungani malisiti. Ndalama nazo zimanenedwa: zoposa madola 5,000 polowa kapena potuluka mu Zambia, mayuro 10,000 ku European Union, madola 10,000 ku United States. Kunyamula zochuluka chotero si mlandu. Mlandu ndi kusazinena, ndipo operekeza odwala, omwe amanyamula ndalama za chipatala m'thumba, ndi omwe ayenera kusamala kwambiri.

Anandisecha kale ku Mfuwe ndi ku Lusaka. Adzandisechanso?

Inde, pafupifupi paliponse posinthira ndege. Zamadzimadzi m'chikwama cham'manja zisapose mamililita 100 pa botolo, lamulo lomwe linayamba mu 2006, ndipo uchi ndi chiponde zimawerengedwa ngati zamadzimadzi. Mabwalo ena okhala ndi makina atsopano afewetsa lamuloli, koma ulendo wanu umayendera bwalo lokhwimitsa kwambiri pa njira yanu. Pefyumu wogula m'sitolo za m'bwalo asatsegulidwe m'pulasitiki yake yomata, ndipo lisiti likhale momwemo. Power bank imakhala m'manja, osati m'sutikesi yolembetsa. Mankhwala akhale m'mabokosi ake pamodzi ndi kalata ya dokotala. Mankhwala opha ululu monga tramadol ndi codeine amaletsedwa kwambiri ku United Arab Emirates, ndipo wotuluka kukatenga katundu ku Dubai walowa nawo m'dzikolo.

Ndisiye nthawi yotalika bwanji pakati pa ndege ziwiri?

Nthawi yaifupi yomwe makampani amalola posinthira ndege inawerengedwera wa tikiti imodzi, yemwe katundu wake akusamutsidwa ndi ena. Wa matikiti awiri awerenge yekha: kutsika, mzere wa imigireshoni, kudikira sutikesi, kasitomu, kupita ku desiki ina yomwe nthawi zambiri imatseka ola limodzi ndege isananyamuke, kusechedwa, ndi imigireshoni yotulukira. Maola awiri sakwana. Anayi kapena asanu ndiwo poyambira, ndipo ngakhale amenewo amatha ndege yoyamba ikangochedwa.

Chofunika kuposa kuwerenga maola ndi kuona mbali yomwe chiopsezo chagona. Ulendo wa Mfuwe mpaka Lusaka ndi wa ola limodzi ndi mphindi zochepa, koma ndege zake ndi zowerengeka pa tsiku, ndipo m'nyengo ya dzinja, alendo akachepa, zimacheperanso. Ikalephereka imodzi, palibe ina yonyamuka pakatha theka la ola, ndipo pamsewu ndi ulendo wa tsiku lathunthu: kukwera mpaka ku Chipata, kenaka makilomita oposa 550 pa Great East Road. Popita, tikiti yaing'ono ili patsogolo pa yaikulu, ndipo ikalakwika imagwetsa yaikuluyo. Pobwera, yaikulu ikachedwa mumataya yaing'ono yokha, n'kugona ku Lusaka kapena kukakwera basi ku siteshoni ya Intercity. Choncho nzeru ndi kufika ku Lusaka dzulo lake popita, n'kulola nthawi yocheperako pobwera. Ndalama ya chipinda cha usiku umodzi ndi yaing'ono poyerekeza ndi tikiti yatsopano ya ku Mumbai yogula tsiku lomwelo.

Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka. Bwanji osakwerera kumeneko?

Ambiri a ku Mambwe ndi ku Chipata amatero, ndipo n'zomveka. Chipata cha Mwami ndi Mchinji chinasanduka cha nyumba imodzi mu Disembala 2022, ndipo Mzambia safunika viza ku Malawi. Koma galimoto yopita ku bwalo la Kamuzu ndi tikiti yoyamba yomwe ilibe lonjezo lililonse. Mzere wa pachipata kapena tayala lophulika palibe kampani ya ndege yomwe idzazimvere. Kapepala kodutsira pachipata komwe anthu a m'malire amayendera sikakwereka ndege. Pafunika pasipoti yodindidwa polowa m'Malawi, chifukwa a imigireshoni a pa bwalo adzafuna chidindocho potuluka.

Kaya mwakwerera ku Lilongwe kaya ku Lusaka, njira zambiri zimadutsa ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa mayiko okhala ndi yellow fever. South Africa imafuna khadi yachikasu ya katemera kwa munthu yemwe wakhala maola oposa 12 pa bwalo la dziko lotero, ndipo mayiko ena ali ndi lamulo lofanana. Wa matikiti awiri yemwe wasiya nthawi yaitali kuti asaphonye ndege ndiye amene amapyola maola 12 amenewa. Katemerayu amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayidwire, ndipo kuyambira 2016 khadi yake imagwira ntchito moyo wonse.

Ndiye kuti kugula matikiti osiyana ndi kulakwa nthawi zonse?

Ayi. Wotsutsa ali ndi mfundo zake zolimba: nthawi zina kusiyana kwa mitengo n'kwakukulu ndithu, nthawi zina tikiti imodzi yochokera ku Mfuwe sipezeka nkomwe pa tsiku lomwe mukufuna, ndipo anthu ambiri amayenda chonchi n'kufika bwino. Zonsezi n'zoona. Koma kufika bwino kwa ambiri sikuchepetsa mtengo wa tsiku lomwe zalakwika, ndipo mtengowo ndi womwe suoneka pafoni. Pa ndalama yomwe mwapulumutsa chotsanipo viza ya dziko lapakati, chipinda cha usiku, chakudya, ndi katundu wolipira kawiri. Chotsaniponso zomwe wa tikiti imodzi amapeza kwaulere: Ethiopian Airlines, mwachitsanzo, imagoneka ku hotela ku Addis Ababa ambiri mwa odikira nthawi yaitali pa tikiti yake. Sutikesi ikasowa pa tikiti imodzi, kampani yomaliza imaifunafuna n'kukutumizirani. Pa matikiti awiri, kampani yoyamba udindo wake umathera pa bwalo lapakati pomwe inu mwachokapo kale. Masamba ena ogulitsa matikiti oduladula amalonjeza kukuthandizani mukaphonya ndege, koma lonjezolo ndi lawo, osati la kampani ya ndege, ndipo muyenera kulitsata pafoni muli m'dziko lachilendo. Walira mvula walira matope.

Pomwe kudula ulendo kuli ndi nzeru ndi pomwe zinthu zitatu zakumana: mukudulira m'dziko lomwe pasipoti yanu imalowa popanda viza, mwasiya usiku wathunthu pakati, ndipo tikiti yomwe ingatayike ndi yaing'onoyo. Kwa munthu wa ku Mambwe, malo otero ndi Lusaka, Lilongwe ndi Johannesburg. Kudulira ku Dubai, ku Frankfurt kapena ku London ndi pasipoti ya Zambia kumafuna viza m'manja musanalipire tikiti yachiwiri.